Malipiro Oyamba a Mdzukulu Wanga

Sunthirani kuno, inu muli padzuwa apo, mthunzi wa khondeli utikwana tonse. Aliyense akoke mulu wake wa nandolo azisenda, ine mungondibwereka makutu. Mawu anga safika patali masiku ano, ndiye wokhala kumapeto asadzandiuze kuti ndibwereze. Ndikufuna ndikuuzeni za mdzukulu wanga wamkazi, uja anapita ku yunivesite kukaphunzira za ndale, ndi za ngongole imene ine ndinaidindira ndi chala changa.

Mwanayo ndinamulera ndine, kuno ku Lirangwe. Mayi ake, mwana wanga wachisamba, anamwalira iye atangoyamba kumene sukulu. Bambo ake anabwerera kwawo titangosesa maliro, ndipo sanatembenukenso. Ndinatsala ndi kamtsikana kowonda, kamafunso ngati wapolisi. Ndinkamutcha mkazi mnzanga, chifukwa malemu amuna anga ankamunena kuti ndi mkazi wawo wamng'ono. Iye ankandiyankha kuti, "Anganga, inu mwatha, bambowa ndi anga tsopano." Amuna angawo atatisiya, dzinalo linatsala pakati pa ife awiri.

Ndili ndi mwana wina wamwamuna, amalume ake a mtsikanayo. Ndi mlonda ku bwalo la ndege ku Chileka, ndipo waima pageti zaka zambiri, kutsegulira magalimoto a anthu akuluakulu. Nkhani zonse za dziko amazimva kwa madalaivala, ndiye akafika kumudzi amalankhula ngati anali nawo pamsonkhano.

Dzina la mtsikanayo litatuluka kuti wasankhidwa, tinavina mpaka fumbi kobo. Mawa lake tinakhala pansi, ndipo chimwemwe chinaphwa. Ndalama zimene ankafuna kusukuluko, ngakhale ndikanagulitsa mbuzi zonse ndi khola lomwe, sizikanakwana chaka chimodzi. Ndiye kunabwera fomu. Anati boma limabwereketsa ndalama kwa ana osauka, za fizi ndi za chakudya, adzabweze akadzayamba ntchito. Pansi pa fomuyo panali malo a kholo. Kholo lake ndinali ine, ndipo ine cholembera sindichidziwa. Panafunika chala.

Ndinabisa dzanja m'nsalu. Inu mukuudziwa mwambo wa pamaliro. Tisananyamuke kupita kumanda, wina amaimirira n'kunena kuti amene malemu amusiya ndi ngongole abwere aonane ndi abale. Pamenepo pamagwa kachete kaja, aliyense akuyang'ana mnzake cham'mbali. Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna kuti tsiku langa likadzafika, kacheteko kadzatalike mpaka wolengezayo adzakhale pansi yekha, pasadzadzuke munthu ngakhale wa kambale ka mchere. Mayi anga anapita choncho, ndipo anthu anazikamba mwezi wathunthu.

Mwana wanga anandiseka. "Amayi, dindani apa. Ngongole ya boma si ngongole. Mwaiwala za makalabu?"

Sindinaiwale. Matipate asanabwere tinkatenga feteleza pangongole kudzera m'makalabu a alimi. Ukalephera kubweza ankabwera kudzazula chitseko, kutenga mbuzi, ngakhale mpando umene wakhalira. Ndiye matipate atafika, mphepo inayenda m'midzi yakuti ngongole zimenezo zatha ndi boma lakale. Palibe anabweza. Ifenso tinali ndi matumba awiri, ndipo chitseko chathu chinakhala pomwepo. Ine ndinkadziuza kuti imeneyo inali ya amuna anga, si yanga.

"Boma likasintha, ngongole yafa," anatero mwana wanga. "Ndipo masiku ano boma limasintha ngati malaya."

Ndinatulutsa dzanja. Anandipaka inki, ndinadinda.

Patchuthi choyamba ndinamufunsa mtsikanayo tikupalira. Ndinati, "Mkazi mnzanga, anthu akuti ukuphunzira ndale. Ndiye kuti kunama amachita kuphunzitsa m'kalasi? Ajawa amabwera ndi nsalu za chipani aja sanapite kusukulu, koma amatha bwinobwino."

Anaseka mpaka anatsamira khasu. "Ayi, anganga. Tiyerekeze kuti mudzi wonse uli ndi nkhokwe imodzi. Ife timaphunzira kuti wotapamo akhale ndani, womuwerengera akhale ndani, ndipo akayamba kudya yekha timutsitsa bwanji popanda kuthyolana miyendo."

"Basi? Zaka zinayi?"

"Nkhokweyo ndi yaikulu, anganga."

Kumudzi kuno anayamba kumutcha aphungu. Aliyense anali ndi chake chimene ankayembekeza, wina mlatho, wina ntchito ya mwana wake. Ine ndinkangofuna malata. Ali chaka chachitatu kunachitika chisankho, boma n'kusinthadi. Mwana wanga anabwera Loweruka, asanakhale n'komwe pansi anati, "Ndinakuuzani chiyani? Yafa ija." Ndinamukhulupirira, chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira. Kuyambira tsiku limenelo za chala ndinaziika kumbuyo.

Tsiku lolandira digiri ndinapita nawo ku Zomba. Ndinamuona atavala chimkanjo chakuda ndi chipewa chonga lichero lophwatalala, akuyenda mosapupuluma, ndipo ndinaimba nthungululu mpaka mayi wina wa magalasi ananditembenukira. Sindinasiye. Mwanayo ndinamuchotsa matekenya ndi singano yanga.

Tsono zimene sankatiuza n'zakuti pepala limenelo silibwera ndi ntchito. Mvula ziwiri zinagwa iye ali pakhomo pano. Ankasita bulauzi yake imodzi yoyera ndi simbi yamakala, n'kukwera minibasi kupita ku Blantyre ndi envulopu yakhaki, madzulo n'kubwera nayo envulopu yomweyo itafota ndi thukuta. Nthawi zina ankapeza ganyu wa masiku ochepa, woyenda m'midzi kufunsa anthu mafunso, kuti mumadya kangati patsiku, mumatunga kuti madzi. Ndalama yake inkathera m'ma minibasi momwemo. Kumjigo amayi ankamugwetsa mphwayi.

"Aphungu, mwabwera kudzatunga nokha lero? Antchito anu ali kuti?"

Iye osakwiya. "Ndabwera kudzayendera chitukuko, amayi. Mjigo wanu ukulira ngati mwana wambuzi. Ndalama za girisi mumasonkha mwezi ndi mwezi zija amasunga ndani?"

Amene ankasunga ndalamazo anali pomwepo. Anasenza ndowa yosadzaza n'kumapita.

Ankandiuza za anzake a m'kalasi. Mmodzi analowa m'bungwe la azungu, akuyenda pagalimoto yoyera. Wina ankanyamulira chikwama phungu wina, malipiro ake n'kumadalira kuti bwanayo wadzuka bwanji tsikulo. Wina ankaphunzitsa pasukulu ya munthu, kulandira mwezi uno, mwezi wamawa ayi. Awiri anapita ku Joni kukagulitsa m'sitolo. Onsewo anakhala pabenchi limodzi, anamva mawu amodzi, koma kolowera kunali kosiyana chotero.

Pomaliza amalume ake ndiwo anamupezera pogwira. Pafupi ndi bwalo la ndege pali timakampani tothandiza anthu kuombola katundu wobwera pandege. Kena mwa ito kankafuna munthu wodzaza mapepala. Sizinali za ndale ayi, ndipo malipiro ake dalaivala wa pakampanipo ankamuposa. Koma inali ya pamwezi. Anasamukira ku Chileka kwa amalume akewo, n'kumagona ndi ana awo.

Tsopano mvetserani, chifukwa nkhani yagona apa.

Malipiro oyamba a mwana si ake. Amapita kwa amene anamulera, ndipo amapita masana, anthu akuona. Mayi ake atayamba ntchito ya m'nyumba ku Nyambadwe anandibweretsera bulangete ndi nsalu ziwiri. Amalume ake anabwera ndi wailesi. Nanga wa digiri abwera ndi chiyani? Loweruka lakumapeto kwa mwezi ndinasesa bwalo kawiri, ndinayala mikeka, ndinaitana amayi anzanga a kumpingo. Mwana wanga anafika ndi akazi ake, atavala jekete. Amayi aja anali atakonza kale malilime.

Mtsikanayo anatsika pa kabaza ndi kajumbo kamodzi. Anagwada patsogolo panga, natulutsa paketi ya shuga ndi mtanda wa sopo. Kenako anaika kapepala pamiyendo panga, kakang'ono ngati tsamba la bwemba lalikulupo, n'kuwomba m'manja.

Tinadikira. Sipanatulukenso kanthu.

"Kameneka n'kachiyani?" ndinafunsa.

"Risiti ya kubanki, anganga. Ndayamba kubweza ngongole ija."

"Ngongole iti?"

"Ya kusukulu. Imene munadindira."

Mayi wina amene anali atayamba kale nthungululu anaisandutsa chifuwa.

Amalume ake anaimirira. "Iwe, wakufunsa ndani? Kwabwera kalata?"

"Ayi, amalume."

"Wabwera munthu kuntchito kwako?"

"Ayi."

"Ndiye wadzuka wekha m'mawa, n'kusamba, n'kupita kukapatsa boma ndalama? Boma lokhala ndi ndege? Anganga ako akugona ndi beseni pamutu mvula ikamagwa!"

"Ndasiyako ya minibasi ndi ya shugayu. Mwezi wamawa ndichitanso chimodzimodzi."

"Ukunena kuti iliko?" ndinatero ine. "Paja inafa ndi boma lija."

"Siinafe, anganga. Asintha ndi anthu okhala pamipando. Buku lili pomwe linali, ndipo chala chanu chili momwemo."

Kunena zoona ndinapsa mtima. Manyazi a amayi aja anandiwotcha kumaso, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha aja ndinkayesa kuti ndinawakwirira. Ndinakankha kapepalako kagwe pamkeka. Iye anakatola, n'kukapukuta, n'kukaika m'Baibulo langa limene ndimangolinyamula Lamlungu. Amayi aja anatsanzika mmodzimmodzi, wina akuti wasiya nyemba pamoto, wina akuti mbuzi zalowa m'dimba.

Ku Chileka amalume ake anamuuza kuti munthu amene ali ndi ndalama zotaya alipire lendi, apo ayi aone kolowera. Mtsikanayo sanakangane nawo. Anapinda mphasa yake, anakapeza kachipinda kuseri kwa chigayo, kopanda magetsi, kamene zovala zikagonamo zimadzuka zoyera ndi ufa. Kuntchito ankayenda wapansi. Ine ndinakhala milungu ingapo osafuna kumva za iye.

Mvula yoyamba itagwa, anabwera Lamlungu ndi chipepala chapulasitiki choyala kudenga. Tinapita limodzi kukamweta udzu wotsala kumalire a munda. Pobwerera, mitolo ili pamutu, ndinalephera kupirira.

"Tandiuza, mkazi mnzanga. Ndikafa, a boma adzabwera pamaliro kudzaimirira?"

"Sabwera, anganga. Sadziwa n'komwe njira ya kuno."

"Nanga ukuzunzikiranji? Taona mmene waondera. Khosi ngati la nkhanga."

Anatula mtolo wake pansi. "Anganga, ndikufunseni. Chaka chimene munasiya kubweza ya makalabu, munasangalala?"

"Tinavina."

"Chaka chotsatira munakatenga kuti feteleza?"

Panalibe kotenga. Makalabu anatha psiti. Kuchokera pamenepo takhala tikudikira makuponi, kukankhana pamzere, chaka china dzina lako limapezeka, chaka china lasowa.

"Mukumudziwa mtsikana wogulitsa zitumbuwa pasiteji ya minibasi uja, wa mpango wobiriwira?" anatero. "Anakhoza kuposa mmene ndinakhozera ine. Anasankhidwa. Anadzaza fomu ngati yomwe ija, anamuuza kuti ndalama zaperewera chaka chino. Ine ndikamatsika minibasi amandipatsa moni, amati aunt mwabwera. Ndimasowa poyang'ana."

"Ndiye kandalama kakoko kamufikira iyeyo?"

"Kaya. Mwina akadya ena panjira. Koma ine ndinakhala zaka zinayi ndikulemba mayeso onena za anthu otapa m'nkhokwe osabwezamo. Ndinkawanyoza bwino kwabasi, aphunzitsi mpaka ankandiyamikira. Ndiye ndiyambe ndine?"

Anasenzanso mtolo wake. Ine ndinamutsatira pambuyo, ndikuyang'ana zidendene zake zong'aluka, ndipo mtima unandiuza kuti mwana uyu wandiposa, ngakhale ndinamulera ndekha.

Titafika ndinamufunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anawerenga pa foni yake, nandiuza kuti ndi malipiro amenewo zaka zake zipitirira zala za dzanja limodzi, mwinanso kuyandikira manja onse, pakuti ngongoleyo imabereka. Ine nthawi imeneyo achipatala anali atandiuza kale kuti magazi anga akuthamanga, ndizimwa mapiritsi tsiku ndi tsiku. Zaka zonsezo ndinalibe nazo chikhulupiriro. A boma akanalephera kubwera pamaliro, inde, koma ine mwini ndikanagona m'bokosimo ndikudziwa.

Ndinalowa m'khola, ndinatulutsa mbuzi yanga yaikazi yamawanga, imene inkabereka awiriawiri.

"Iyi kuyambira lero ndi ya kubanki. Ana ake onse."

"Ayi, anganga. Ndalamazo ndinadya ndine."

"Chala n'chandani?"

"N'chanu, koma..."

"Ndiye tseka pakamwa, wamng'ono ndiwe pabanja pano."

Tinayamba motero. Iye mwezi ndi mwezi, ine mbuzi ikaswa, ana akakula, tsiku la msika ndimawakokera pa Lirangwe. Nandolo akacha, thumba limodzi ndinkaliika padera. Anthu ankatiseka poyera. Bambo wina wogula mbuzi anandifunsa kuti, "Agogo, ndamva kuti mukuthandiza boma. Likavutika kwambiri mundiuze, ndili ndi nkhuku." Ndinamuuza kuti awonjezere kaye mtengo wa mbuziyo, nkhukuyo tikambirana. Anawonjezera pang'ono, akuseka.

Tsiku lina ndinaumirira kuti ndipite nawo kubankiko, ndikaone kumene mbuzi zanga zimalowa. Tinakwera minibasi mpaka m'tauni. M'nyumbamo munali kuzizira ngati mwezi wa Juni, pansi poterera, anthu ali pamzere osalankhulana. Titafika pawindo, mtsikanayo anadzaza pepala, ndalama anandipatsa ine kuti ndipereke. Ndinamasula mfundo ya nsalu pang'onopang'ono, a kumbuyo akung'ung'udza. Mayi wa pawindoyo anawerenga pepalalo, anayang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Agogo, ndinu munaphunzira?" Ndinati, "Eya, ndi ine. Za ndale." Mdzukulu wanga anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

Zinapita zaka zitatu tikuchita zimenezi, ndipo amalume ake anali asanamulankhulebe bwinobwino. Ankakumana pageti m'mawa uliwonse, iye n'kupereka moni, iwo n'kuyankha ndi chibwano. Chaka chachinayi ndinagwa m'munda. Ndinadzidzimuka ndili pabedi kuchipatala, mkono umodzi wolemera ngati si wanga. Mtsikanayo anapempha tchuthi, anakhala pambali panga, kundisambitsa, kundimwetsa phala. Masana ena ndinamuitana pafupi.

"Yatsala yochuluka bwanji?"

"Tadutsa theka, anganga."

"Tamvera. Ndikapita isanathe, akadzafunsa za ngongole pamaliro, udzaimirire iweyo. Udzanene kuti ilipo, ndi ya boma, ndipo ukubweza. Usadzalole kuti anthu akhale chete pa bodza."

Maso ake anadzaza, koma pakamwa sipanagonje. "Simufa inu. Mukufuna mundisiyire mbuzi zosamva zija? Mwandilanda kale mwamuna, iye watsogola, ndiye mukufuna mukamupeze nokha?"

"Ndi wanga uja."

"Tidzaona komweko."

Tili mkati moseka, amalume ake analowa atavala yunifolomu, nyuzipepala ili m'khwapa. Anandipatsa moni, anakhala pampando, n'kuitambasula pabedi. Masamba ake anali odzaza ndi timizere ting'onoting'ono ngati nyerere. Anati obwereketsa aja atopa, ayamba kusindikiza mayina a anthu amene anaphunzira ndi ndalamazo osabweza, dziko lonse liwaone. Kuntchito kwawo nyuzipepalayo inayenda dzanja ndi dzanja m'mawa wonse.

"Ndayenda ndi chala mzere uliwonse," anatero, osayang'ana mtsikanayo. "Kawiri. Lake mulibe."

"Simukanandifunsa, amalume?"

"Koma muli ena amene ndimawatsegulira geti. Mmodzi ndimamuchitira sawasha tsiku lililonse. Lero wadutsa magalasi ali otseka."

Ndinayesa kuti apepesa. Mwana wanga ameneyo kupepesa sanabadwe nako. Anapinda nyuzipepala n'kunena kuti, "Komabe malata akanakhala atakwera pofika pano." Atafika pakhomo anatembenuka. "Iwe, kachipinda kaja ana asamukamo, akazi anga akusungiramo makala. Ukachotse makalawo. Ndalama ukupatsa mwini chigayoyo uzikaponya kubanki kwakoko, nkhaniyi ithe, amayi apume."

Anabwerera kwa amalume ake sabata yomweyo. Ya lendi ija itayamba kulowa kubanki, ngongole inayamba kutsika mooneka. Ine ndinatuluka m'chipatala ndi ndodo, ndipo mapiritsi ndinkamwa mosadumphitsa, kuposa kale, chifukwa ndinali ndi chodikira. Chaka chotsatira kabungwe kena kophunzitsa makomiti a m'midzi kanamulemba ntchito mtsikanayo. Anamutenga chifukwa cha pepala lake lija tsopano, za ndale zenizeni. Malipiro anakwererako, osati kwambiri, koma iye sanasinthe kadyedwe kapena kavalidwe. Zonse zapamwamba ankaziponya komweko.

Ngongole inatha mwezi wokolola. Mdzukulu wanga anabwera pakati pa sabata, osati Loweruka, ine ndili kumunda ndikusanja mapesi. Anali ndi kalata ya chidindo chofiirira. Anandiwerengera m'Chingerezi, kenako anandimasulira kuti wabweza zonse, palibe chotsala, iye ndi kholo lake ndi omasuka. Ndinamuuza awerengenso pa kholopo. Anawerenganso.

Sindinakhutire. Mwana akhoza kukunamiza chifukwa chokukonda. Lamlungu ndinatenga kalatayo kupita nayo kwa mkulu wa mpingo, yemwe ndi amene amalengeza pamaliro kuno, ndipo anagwirapo ntchito ya ukalaliki. Anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, n'kunena kuti, "Mayi, apa palibe mlandu." Ndinati, "Mwaona ndi maso anu. Tsiku langa likadzafika mudzafunse mokweza, musadzachite manyazi." Anati adzafunsa kawiri.

Loweruka lotsatira ndinasesanso bwalo, ndinaitana amayi omwe aja, amene anali akadali moyo. Ndinapha tambala. Mdzukulu wanga anabwera ndi bulangete ndi nsalu ziwiri, anagwada, n'kunena kuti, "Anganga, malipiro oyamba aja achedwa panjira." Mayi uja wa chifuwa ndiye anayambitsa nthungululu, ndipo ulendo uno anaimaliza.

Mufuna kudziwa kuti anthuwa ali kuti tsopano. Amalume ake anapuma ntchito ya pageti, ali ndi kagolosale ku Chileka komweko. Mpaka lero amanena kuti ndalama zija zikanamanga nyumba, koma kasitomala akatenga shuga pangongole amamuuza kuti kwawo kuno ngakhale boma amalibwezera. Mtsikana wa zitumbuwa uja sanapitenso kusukulu. Anakwatiwa cha ku Mdeka, ali ndi ana atatu, ndipo ndimamva kuti ndiye amasunga buku la banki m'khonde ya kumeneko, osasowa ngakhale tambala imodzi. Mnzake wa mdzukulu wanga wonyamula chikwama uja, bwana wake atagwa pachisankho anasowa kolowera, pano akuyendetsa njinga yamoto pa Lunzu. Wa galimoto yoyera uja akuti ali kunja. Mbuzi yamawanga inakalamba, mano anatha, ndinakana kuigulitsa, inafera m'khola.

Mdzukulu wanga sanakhale phungu, ndipo akuti sazifuna. Amayenda m'midzi ya kwa Kuntaja ndi kwa Chigaru pa njinga yamoto ya kuntchito, atavala chisoti chachitsulo, kuphunzitsa makomiti a mjigo ndi a sukulu kusankhana ndi kuwerengerana. Galimoto alibe. Anakwatiwa ndi mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa, ndipo ankhoswe atakhala pansi iye anatumiza mawu akuti afunse kaye ngati mwamunayo ali ndi ngongole ya kusukulu. Anali nayo. Akubweza.

Ine ndi uyu mukundionayu. Malata anakwera mbali ya kuchipinda, mbali ino akuti chaka chamawa. Nandolo wanu mwasenda wochepa, makoko ndiye mwamwaza bwalo lonse. Tolani musanapite.